Galimoto ya hayala yopita nayo ku Kachulu mu Disembala: tisankhe gulu liti?

Mayi a Tadala (Matawale): Moni nonse pa gulu pano. Ndithandizeniko nzeru. Achimwene anga akubwera kuchokera ku Joni kumapeto kwa Disembala, iwo, alamu anga ndi ana awiri, kudzakhala nawo pa chinkhoswe cha mng'ono wanga kumudzi, mbali ya ku Kachulu. Adzatsikira pa Chileka. Akufuna galimoto ya hayala ya masiku onse amene adzakhale kuno, ndiye anditumizira zithunzi za pa intaneti kuti ndiwasankhire. Palembedwa Economy, Compact, Intermediate, Standard SUV, Fullsize ndi zina, ndipo pansi pa chithunzi chilichonse pali dzina la galimoto, kenako mawu akuti "or similar". Ine ndimadziwa Vitz, Sienta, Noah ndi Hilux basi. Mayina enawa ndi a magalimoto anji? Popita kumudzi tidzakhala anthu 6, chifukwa ine ndi amayi tidzakwera momwemo.

Mphatso (Chikanda): Tengani Sienta amayi. Mipando 7, mafuta sidya kwambiri, ndipo tsiku ndi tsiku ma Sienta akupita kunyanja atadzaza.

Che Yusufu (Songani): Mphatso mwanawe, dikira kaye. Ma Sienta ukuwaonawo akuyendetsa ndi eni ake kapena anyamata awo, ikagunda pansi amadziwa okha kokonzetsa. Ya hayala ikagunda pansi amalipira ndi wobwereka. Komanso kumapeto kwa Disembala mvula imakhala itakhazikika, ndipo dothi la kufupi ndi nyanja ya Chilwa ndi makande. Likanyowa ngakhale wapansi amavutika kuzula phazi. Amayi, tiuzeni kaye, mudzi wanu uli m'mbali mwa msewu waukulu wa ku Kachulu kapena mumapatuka? Nanga alendowo akubwera ndi masutikesi angati?

Mayi a Tadala (Matawale): Timapatuka, Che Yusufu, ndipo pali kadambo kamene timawoloka tisanafike pakhomo. Masutikesi akuti anayi aakulu. Pamwamba pake padzakhala katundu wa chinkhoswe amene tidzagule kuno, ziwiya, mabeseni, shuga, zakumwa.

Nachisale (Blantyre): Ndinagwirako ntchito yosungitsira anthu malo m'ndege ndi magalimoto a hayala, ndiye ndifotokozeko. Chachikulu choti mudziwe, achemwali, n'chakuti kampani sikulonjezani galimoto ili pachithunziyo. Imakulonjezani gulu. Mawu aja mwawerenga pansi pa chithunzi akunena kuti tsiku lofika mudzapatsidwa iliyonse ya m'gulu lomwelo imene yapezeka pabwalo. Zili ngati kugula mulu wa matemba pamsika, mumalipira kukula kwa mulu, simuloza nsomba imodziimodzi.

Gulu lotsikitsitsa ndi Mini, timagalimoto ngati Kia Picanto kapena Hyundai i10, tokwera anthu anayi opanda katundu. Economy ndi msinkhu wa Vitz, Yaris, Suzuki Swift ndi VW Polo. Mipando ndi 5, koma akuluakulu atatu kumbuyo amapanikizana, ndipo m'buti mumalowa sutikesi imodzi yaikulu ndi kachikwama. Compact yakulako pang'ono, monga VW Golf kapena Ford Focus. Corolla nthawi zambiri imapezeka pa Intermediate. Standard ndi Fullsize ndi masaluni aakulu, Camry imakhala kumeneko. Premium ndi Luxury ndi ma Mercedes-Benz ndi BMW aja timawaona pa maukwati.

Mayina onsewa akunena za kukula kwa m'kati ndi mtengo. Palibe limene likunena za msewu umene galimotoyo ingapirire. Ndipo onse ndatchulawa mipando sipitirira 5, ndiye kwa anthu 6 musatayenso nawo nthawi.

Bambo a Limbani (Chinamwali): Anachisale, koma ine Corolla ndinaionapo italembedwa Compact.

Nachisale (Blantyre): Munaona zoona abambo. Palibe lamulo lokakamiza kampani kuti galimoto yakuti iikidwe m'gulu lakuti. Kampani iliyonse imagawa yokha malinga ndi magalimoto amene ili nawo. Komanso mayiko amasiyana. Ku America magalimoto ndi aakulu, ndiye imene iwo amati Compact kapena Economy imatha kukhala yaikuluko kuposa ya dzina lomwelo ku Ulaya. N'chifukwa chake ine ndimauza anthu kuti ayang'ane tizithunzi tating'ono tili pambali tija: kamunthu kali ndi nambala ya mipando, kasutikesi kali ndi nambala ya katundu, kachitseko, ndi chizindikiro cha giya. Tizithunzi timeneto timanena zambiri kuposa dzina la gulu.

Kondwani (Joni): Kuno makampani ambiri amalemba zilembo, Group A, B, C mpaka kutsogolo. A ndi B ndi tating'ono, Polo Vivo imakonda kupezeka cha pamenepo. Koma chilembo cha kampani ina sichifanana ndi cha inzake, makamaka mukafika ku ma SUV ndi mapikapu. Awuzeni achimwenewo asaganize kuti Group imene anazolowera kuno akaipeza chimodzimodzi kumudziko. Za layisensi asade nkhawa, ya kuno ndi ya mtundu wa SADC ngati yathu, ndipo mbali yoyendera pamsewu ndi imodzi, kumanzere.

Aphunzitsi (Domasi): Ine ndichenjezeko pa dzina lakuti SUV. Mu 2023, namondwe wa Freddy atangodutsa mu Malichi, tinapita kukaona abale ku Phalombe. Tinasungitsa SUV ku kampani ina, pachithunzi panali RAV4, ndipo tinawauza pakamwa kumene tikupita ndi mmene misewu inalili. Anatipatsa yamtundu wina, yooneka yaitali bwinobwino, koma imakoka ndi matayala akutsogolo okha. Pamatope oyamba inatitimira. Anatitulutsa ndi anyamata a m'mudzi, mankhwala ndi ufa umene tinanyamula tinachita kusenza pamutu kukafika nawo. Pobweza galimoto anatidula ndalama ya bampa. Titadandaula anationetsa pepala, ndipo panalibe pamene panalembedwa 4x4. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa munthu amene anatipatsa makiyi ankadziwa kuti galimoto imeneyo sikafika.

Nachisale (Blantyre): Pepani aphunzitsi. Apa m'pamene zilembo zinayi zimathandiza. Pa pepala losungitsira la makampani akuluakulu pamakhala zilembo zinayi, monga EDMR kapena IFAR. Anazikonza ndi a bungwe la ACRISS, limene linayamba mu 1989, kuti makampani a hayala ndi ogulitsa matikiti azimvana.

Chilembo choyamba ndi gulu: M ndi Mini, E ndi Economy, C ndi Compact, I ndi Intermediate, S ndi Standard, F ndi Fullsize, P ndi Premium, L ndi Luxury. Chachiwiri ndi kapangidwe kake: D ndi ya zitseko 4 kapena 5, W ndi yotalika kumbuyo ngati Fielder, V ndi yonyamula anthu ambiri ngati Noah, F ndi SUV.

Chachitatu ndiye chimene chinakupwetekani. M ndi ya manual, A ndi ya automatic, koma ziwirizi sizilonjeza kalikonse pa nkhani ya matayala amene akukoka. Ya 4x4 imalembedwa N ikakhala manual, B ikakhala automatic. C ndi D pamalo amenewa ndi za AWD, zimene zimagawa zokha mphamvu ku matayala onse anayi. Chachinayi ndi cha mafuta ndi mpweya wozizira: R ndiye kuti eyakoni ilimo, N mulibe, D ndi ya dizilo yokhala ndi eyakoni.

Ndiye IFAR ndi SUV yapakatikati ya automatic yokhala ndi eyakoni, basi. Akakupatsani yokoka ndi matayala awiri sanaphwanye pangano. Wofuna 4x4 aonetsetse kuti chilembo chachitatu ndi N kapena B, ndipo ngati kampaniyo sigwiritsa zilembo, alembe 4x4 ndi manja pa pangano, asayine.

Mayi a Tadala (Matawale): Ndabwereranso pa zithunzi zija. Ija yalembedwa Standard SUV pansi pake pali SFAR, ndipo kamunthu kali ndi 5. Ndiyo achimwene anali atailoza kale.

Nachisale (Blantyre): Imeneyo ayi achemwali. Mpando umodzi ukuchepa, komanso A ameneyo sakulonjeza 4x4.

Bambo Phiri (galaja, Mpondabwino): Ndiwonjezepo za pansi pa galimoto, chifukwa ndi zimene zimatidzadzira kugalaja mvula ikayamba. Vitz ndi Sienta mimba yake imatalikira padothi masentimita 14 kapena 15, mulibe munthu. Mukakweza anthu 6 ndi katundu imatsikanso. RAV4 ndi X-Trail zili cha m'ma 19 kapena 20. Hilux, Fortuner ndi Prado zimaposa 21. Masentimita ochepawo ndi amene amasiyanitsa wodutsa ndi woboola sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injini. M'njira zathu zafumbi malole ndi ngolo zimakumba mizere iwiri, pakati n'kutsala msana wa dothi. Galimoto yaifupi imakhalira mimba pamsanapo, matayala n'kumangozungulira osagwira pansi. Pamenepo ngakhale injini ikhale yamphamvu bwanji simuchoka.

Chinanso, AWD ndi 4x4 si chinthu chimodzi. AWD ya RAV4 imathandiza pamsewu woterera, imatumiza mphamvu kumbuyo ikamva kuti akutsogolo akuterereka. Koma ilibe giya yotsika yamphamvu yotchedwa L4. Prado, Land Cruiser, ndi Hilux kapena Fortuner za 4x4 zili nayo, ndipo m'makande imeneyo ndi imene imakutulutsani pang'onopang'ono popanda kudzikumbira dzenje. Fortuner anaimanga pa chesisi cha Hilux, kungoti ili ndi mipando 7 ndi denga mpaka kumbuyo.

Kondwani (Joni): Madala anena bwino kuti "za 4x4". Kuno Hilux ndi Fortuner zambiri ndi za 4x2, zimakoka ndi akumbuyo okha, koma poziona kunja simungasiyanitse. Zina mwa izo zimagulidwa n'kubwera kumudziko. Lowani m'kati muone ngati pali kandodo kachiwiri ka giya kapena kabatani kozungulira kolembedwa H2, H4, L4. Ngati palibe, si 4x4, ngakhale ikhale yaitali chotani.

Bambo Phiri (galaja, Mpondabwino): Eya. Ndipo pikapu ya 4x2 yopanda katundu kumbuyo imaterereka m'matope kuposa Vitz, chifukwa matayala okoka alibe cholemera chowapanikiza pansi.

Mphatso (Chikanda): Ndamva akuluakulu, ndipo ndaphunzirapo. Koma tinene za mtengo. Ndalama ya Prado ya tsiku limodzi munthu angayendere Vitz masiku angapo, ndipo dipoziti yake nayo ndi yokwera. Anthuwa ali ndi chinkhoswe choti athandizire, matikiti a ndege a anthu anayi alipira kale. Si aliyense wa ku Joni amene ali ndi ndalama zambiri. Tisawauze Prado ngati kuti ndi yotola.

Anabanda (Sadzi): Mphatso wanena mfundo. Tiwerenge masiku. Ambiri mwa masikuwo alendo adzakhala akuyenda patala: kuchoka ku Chileka kudutsa Limbe, Namadzi, Thondwe mpaka kuno, kuzungulira m'tauni, kukagula zinthu, mwina kukaonetsa ana nyama ku Liwonde. Msewu wa M3 wonsewo sufuna 4x4. Kumudzi mudzapitako masiku awiri kapena atatu. Bwanji atenge Noah kapena Voxy ya masiku onse, ndiye masiku a kumudzi okhawo mubwereke ya 4x4 konkuno ku Zomba, yokhala ndi dalaivala wake? Ife tinatero pa ukwati wa mwana wa achemwali anga ku Jali, ndipo mitima inali m'malo.

Che Yusufu (Songani): Anabanda mwalasa. Noah ili ndi mipando 7 kapena 8, injini ya 2.0, ndipo mukapinda mipando yakumbuyo masutikesi anayi aja amalowa, anthu anayi n'kukhala momasuka kuchokera ku Chileka. Pa intaneti mudzaipeza pa Minivan, chilembo chachiwiri V monga anenera Anachisale. Agogo kukwera mu Noah savutika, chitseko n'chokoka ndipo pansi m'pafupi. Mu Prado kapena Hilux munthu wachikulire amachita kumukweza.

Koma ndikuchenjezeni pa nambala ya mipando. Akalemba 7, sakunena kuti anthu 7 ndi katundu wawo. Mu Sienta mukatambasula mipando yonse, kumbuyo kumatsala malo a tizikwama tiwiri. Mu Fortuner ndi Prado chimodzimodzi, mzere wachitatu umadya buti. Anthu 6, masutikesi, mabeseni ndi makreti a zakumwa sizingalowe m'galimoto imodzi ya mipando 7. Hilux ya double cab imanyamula katundu yense koma anthu ndi 5 kuwerengera woyendetsa, ndipo ikakhala yopanda kanope mukufunika lona, apo ayi shuga akafika ali madzi.

Mayi a Tadala (Matawale): Masutikesi adzatsala kwathu ku Matawale, kumudzi tidzatenga zovala za masiku awiri basi. Katundu wa chinkhoswe tikhoza kutsogoza.

Che Yusufu (Songani): Mukatero Prado kapena Fortuner ya 4x4 ikukwanani, anthu 6 ndi dalaivala wachi 7. Katundu mutsogoze tsiku louma.

Kondwani (Joni): Ine pa za dalaivala ndikuona mosiyana. Munthu wabwera kwawo patapita zaka, amafuna kuyenda momasuka, kuima pomwe wafuna, kucheza ndi abale mpaka usiku popanda kuganiza kuti wina akudikira m'galimoto. Komanso dalaivala amadya mpando umodzi, ndipo chakudya ndi pogona pake n'zanu. Achimwenewo ngati amayendetsa bwino, atenge 4x4 ayendetse okha.

Che Yusufu (Songani): A Kondwani, patala ndikugwirizana nanu, Noah ayendetse okha. Koma kuyendetsa pa misewu ya ku Joni ndi kuwoloka dambo la ku Chilwa ndi ntchito ziwiri. Ine ndayendetsa za hayala zaka zambiri m'boma lino. Dalaivala wa kuno amatsika, amayenda wapansi kuona pomwe pali pouma, amafunsa akabaza kuti lero adutsa pati. Akaona madzi akuthamanga sawoloka, amadikira aphwere. Mlendo amaona kuti galimoto ndi yaikulu n'kulowa ndi liwiro. Madzi akalowa mu injini ya dizilo, ndalama yake imaposa ya chinkhoswe chonse. Ndipo galimoto ikakhala m'manja mwa dalaivala wa kampani, zowonongeka zambiri sizigwera wobwereka. Zimenezo afunse, zilembedwe.

Nachisale (Blantyre): Apa Che Yusufu akhudza pamene anthu ambiri amalirira. Werengani pangano musanasayine. Makampani ambiri salola galimoto za magulu ang'onoang'ono kuyenda pamsewu wafumbi, ndipo mukapita nayo n'kuwonongeka, inshuwalansi imene munalipira sigwira. Ngakhale pa ma SUV, kawirikawiri inshuwalansi wamba sikhudza matayala, galasi lakutsogolo, pansi pa galimoto ndi kuwonongeka kobwera ndi madzi. Pamakhalanso ndalama imene inu mumayenera kulipira poyamba ngozi ikachitika, inshuwalansi isanalowererepo, ndipo imakwera gulu likamakwera. Makampani akuluakulu dipoziti amaitsekera pa khadi la ku banki la woyendetsayo, ndiye achimwene abwere ndi khadi la dzina lawo.

Funsaninso za makilomita. Ena amapereka makilomita owerengeka pa tsiku, opitirira mumalipira pa kilomita iliyonse, ndipo mtengo wa kilomita wa 4x4 si wofanana ndi wa Vitz. Blantyre kufika Zomba ndi pafupifupi makilomita 70, Zomba kufika Liwonde cha m'ma 50. Muwerengeretu maulendo onse, kupita ndi kubwera.

Bambo a Limbani (Chinamwali): Nanga ana akafuna kukwera phiri la Zomba? Alendo a kunja sabwerera asanafike ku Ku Chawe. Noah ikwera?

Bambo Phiri (galaja, Mpondabwino): Ikwera bwinobwino, mpaka ku Ku Chawe ndi ku damu la Mulunguzi kulibe vuto, msewu wokwerera ndi watala. Imene imalira pamtunda umenewo ndi Vitz kapena Passo ya injini ya 1.0 ikadzaza akuluakulu 5. Koma chimene ndimaopa ine si kukwera, ndi kutsika. Anthu ozolowera automatic amaisiya pa D n'kumaponda buleki kuchokera pamwamba mpaka m'tauni. Mabuleki amatentha, amayamba kununkha, kenako sagwira bwino, ndipo msewu uja ndi wokhotakhota, mbali ina ndi phompho. Aike giya pa L kapena 2, pa zina pamalembedwa B kapena S, injini izigwira galimoto yokha. Muwauze zimenezi amayi, musaiwale, muli ana m'menemo.

Kupitirira pamenepo, njira zopita ku Emperor's View, Queen's View ndi ku dzenje la Chingwe ndi zadothi ndi miyala, ndipo malole onyamula mitengo amazikumba. Phirilo pamwamba penipeni limapitirira mamita 2,000, nkhungu ndi mvula zimabwera mwadzidzidzi. Noah isapiteko nthawi yadzinja. Ngati akufuna kukaona malo amenewo, agwiritse tsiku limodzi mwa masiku amene ali ndi 4x4.

Anabanda (Sadzi): Ku Liwonde nakonso afunse kaye asananyamuke. Kufika pageti la paki kulibe vuto, koma m'kati mvula ikachuluka njira zina amatseka, ndipo ku malo ogona alendo a Mvuu nthawi imeneyo anthu amafikako pa boti. Ana amasangalala kwambiri ndi boti pa Shire, mvuu ndi njovu amaziona pafupi, ndiye galimoto yaikulu siifunika kwenikweni kumeneko.

Aphunzitsi (Domasi): Anachisale, ndifunseko. Amati gulu limene munasungitsa likatha amakupatsani lapamwamba pamtengo womwewo. N'zoona?

Nachisale (Blantyre): Kwa makampani akuluakulu ndi mmene zimakhalira nthawi zambiri. Akakupatsani lotsika ayenera kukubwezerani ndalama yotsalayo. Koma lapamwamba kwa iwo ndi lamtengo wapamwamba, osati loyenera ulendo wanu. Munthu anasungitsa Minivan ya anthu 7 akhoza kuuzidwa kuti takukwezani, tengani saluni ya Premium. Ndi yokongola, koma mipando ndi 5 ndipo mimba yake ili pafupi ndi dothi kuposa Corolla. Muli ndi ufulu wokana. Komanso yaikulu imabwera ndi mafuta ake ndi dipoziti yake. Kumapeto kwa Disembala magalimoto a mipando 7 ndi a 4x4 ndi amene amatha msanga, chifukwa ndi ochepa ndipo aliyense wobwera kutchuthi amafuna omwewo. Asungitse panopa, ndipo kutatsala masiku ochepa aimbe foni kufunsa kuti ndi galimoto iti yeniyeni imene yaikidwa pa dzina lawo. Ngati amayendetsa automatic yokha anene, chifukwa ma 4x4 ambiri a hayala kuno ndi a manual.

Mphatso (Chikanda): Mafuta nawo tisaiwale. Tonse tinagonapo pamzere pa filing'i siteshoni.

Che Yusufu (Songani): Zoona. Vitz thanki yake ndi malita 42, Hilux ndi 80. Yaing'ono imayenda makilomita cha m'ma 15 pa lita, zikuluzikuluzi cha m'ma 10, m'matope ndi pa L4 zimatsika kuposa pamenepo. Noah ndi ya petulo, Hilux ndi Prado zambiri za kuno ndi za dizilo. Afunse asanathire, ndipo aime pafupi aone kuti wothirayo wagwira paipi iti. Pangano lambiri limati mwaitenga yodzaza, muibweze yodzaza. Mafuta akasowa, tsiku lobweza mumapezeka muli pamzere ndege ikunyamuka, ndipo kampani ikathira yokha imakudulani mtengo wake. Athire dzulo lake, kapena agwirizane nawo poyamba kuti zikavuta adzawerengera bwanji. Popita ku Kachulu mudzaziretu m'tauni muno.

Bambo a Limbani (Chinamwali): Koma abale, bwanji tikungokamba za makampani a pa intaneti? Konkuno kuli anthu amene amabwereketsa magalimoto awo, ndipo galimoto umaiona ndi maso, palibe za magulu. Ukanena Noah yoyera ija, ndi yomweyo.

Che Yusufu (Songani): Ubwino wake ndi umenewo, ndipo mtengo mumatha kunenerera. Kwa ya 4x4 ya masiku awiri ija ine ndingapite kwa oterowo. Koma muone zinthu izi ndi maso anu: COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi pagalasi ngati masiku ake sanathe, chifukwa apolisi apamsewu akaimitsa amafunsa woyendetsa, osati mwini wake. Mufunsenso ngati inshuwalansiyo ikulola kubwereketsa galimoto pa ndalama, chifukwa yambiri ndi ya galimoto yapakhomo, ngozi ikachitika imakana. Ndipo ikafa panjira adzakupatsani ina? Kampani yaikulu ili ndi zina pabwalo, munthu wa galimoto imodzi alibe. Mulemberane pepala ngakhale ndi m'bale wanu.

Bambo Phiri (galaja, Mpondabwino): Kaya ndi ya kampani kaya ndi ya munthu, musananyamuke zungulirani galimoto mukujambula ndi foni, mwini wake ali pomwepo. Mabampa, magalasi, denga, ndipo mugwade muone pansi. Tsegulani muone sipeya tayala ngati lili ndi mpweya, jeke ndi sipanala ya mawilo ngati zilimo. Ya 4x4 muyang'ane mano a matayala. Ndaonapo Prado itatitimira pomwe Probox yadutsa, chifukwa matayala ake anali osalala. Muiyesenso L4 pomwepo pabwalo, ikalowa nyali yake imayaka pa dashibodi.

Admin: Akuluakulu, zikomo chifukwa cha nzeru. Ndikumbutse kuti manambala a foni a obwereketsa magalimoto tisaike pa gulu, atumizireni Mayi a Tadala kumbali.

Mayi a Tadala (Matawale): Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndawatumizira achimwene zonsezi. Avomera za Noah, koma akuti pa 4x4 akufuna ayambe amva mtengo wa yokhala ndi dalaivala ndi yopanda. Alamu akufunsa za mpando wa mwana, wamng'onoyo ali ndi zaka zitatu.

Nachisale (Blantyre): Makampani akuluakulu amabwereketsa mpando wa mwana pa ndalama yapadera, koma amakhala nayo yochepa, ndiye auitanitse posungitsa pomwepo. Kwa anthu wamba simudzaupeza. Ngati ali nawo wawo ku Joni afunse a ndege, ambiri amalola kunyamula. Aumangirire pa mzere wapakati, osati wachitatu.

Abiti Jafali (Malosa): Pepani ndilowerere ndi langa, poti akatswiri muli pano. Gulu lathu la amayi tikufuna kupita ku Mangochi, tilipo 18. Pa intaneti ndaona polembedwa Passenger Van pali chithunzi cha Hiace. Tikwana?

Che Yusufu (Songani): Simukwana Abiti. Hiace yabwinobwino imakhala ndi mipando 14 kapena 15 kuwerengera dalaivala, ndipo a hayala salola kupanikizana anayianayi ngati m'minibasi ya pa depoti. Dzina lakuti Van nalonso limasokoneza, pena amatanthauza Noah ya anthu 7, ndiye muone nambala ili pa kamunthu kaja. Anthu 18 ndi zikwama zawo mufunse Coaster, mipando yake imapitirira 25, ndipo imeneyo imabwera ndi dalaivala wake. Mufunse ngati mtengo akukuuzaniwo ukuphatikiza mafuta ndi chakudya cha dalaivala, komanso ngati mukugona konko kapena mukubwerera tsiku lomwelo.